Chilimwe, Fumbi ndi Ludzu: Titeteze Bwanji Matupi Athu Mvula Isanagwe?

Lero tikambirana za nyengo imene tonse timaidziwa koma timaipeputsa, nyengo ya chilimwe.

Dera lathu lino la Milange si chipululu. Tili patsinde pa phiri la Tumbine, tikuyang'anizana ndi minda ya tiyi ya ku Mulanje, ndipo mu Juni ndi Julaye timanyowa ndi mvula yamawawa ya chiperoni, imene dzina lake linachokera ku phiri la Chiperone la m'boma lathu lomweli. Koma kuyambira mu Ogasiti kufikira mvula yoyamba ya mu Novembala, moyo wathu susiyana kwenikweni ndi wa anthu a m'mayiko ouma. Timitsinje timaphwa, zitsime zimatsika, mphepo imanyamula fumbi, ndipo mu Okutobala kumawala dzuwa loswa mtengo. Amene munafikako ku Tete, kapena ku Nsanje ndi ku Chikwawa m'chigwa cha Shire, mukudziwa kuti kumeneko kutentha kumapitirira madigiri 40.

Zaka zina chilimwe chimatalika n'kusanduka chilala. Akuluakulu akukumbuka chilala cha 1992, chimene chinatipeza nkhondo isanathe, ambiri ali m'misasa ya othawa kwawo ku Malawi. Mvula inavutanso m'nyengo ya 2015 ndi 2016 chifukwa cha kusintha kwa mphepo ndi nyanja kumene akatswiri amakutcha El Niño. Vuto lomwelo linabweranso mu 2024, moti mu Malichi chaka chimenecho boma la Malawi linalengeza kuti m'maboma 23 mwa maboma 28 a dzikolo mwagwa tsoka la ng'amba, ndipo zigawo za pakati m'dziko lathu la Mozambique nazonso zinakhudzidwa. Nyanja ya Chilwa, kumene kumachokera matemba ambiri a m'misika yathu, inaphwa mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inaumanso. Bungwe loona zanyengo padziko lonse linalengeza kuti chaka cha 2024 chinatentha kuposa zaka zonse za m'mbuyo chiyambireni kulemba za nyengo.

Choncho nkhaniyi si ya chaka chimodzi. Ndipo mukaonetsetsa, matenda ambiri a m'chilimwe gwero lake ndi limodzi, madzi: madzi akachepa m'thupi, madzi akadetsedwa m'chigubu, ndiponso madzi akasowa osambira ndi oviikira chinangwa. Tiyeni tione chimodzichimodzi.

Thupi limauma mwini wake asakudziwa

Thupi la munthu wamkulu, kuposa theka lake ndi madzi. Kukatentha, thupi limadziziziritsa potulutsa thukuta, ndipo munthu amene akugwira ntchito yolemetsa padzuwa angathe kutaya lita imodzi ya madzi pa ola limodzi, mwinanso kuposa apo. Choopsa cha mpweya wouma wa m'chilimwe n'chakuti thukuta limauma msangamsanga. Malaya sanyowa kwambiri, ndiye munthu amaganiza kuti sakutaya madzi, pamene pakhungu pangotsala timizere toyera ta mchere.

Musadikire ludzu. Pamene mukumva ludzu ndiye kuti madzi ayamba kale kuchepa. Mboni yabwino ndi mkodzo wanu. Ukakhala woyera kapena wachikasu pang'ono, muli bwino. Ukakhala wochepa, wonunkha kwambiri, wamtundu wa tiyi wopanda mkaka, thupi likupempha madzi. Ngati mwatha m'mawa wonse mpaka masana osapita kukataya madzi, siyani zimene mukuchita, khalani pamthunzi ndipo mwani.

Zizindikiro zina ndi mutu kupweteka, chizungulire podzuka, kuuma kukamwa ndi milomo, kufooka, kukokana kwa miyendo ndi kudzimbidwa. Ambiri tikaona zimenezi timathamangira kugula mapiritsi paokala. Chenjerani ndi mapiritsi a ululu monga brufen ndi diclofenac: kuwamwa thupi lili louma kumavulaza impso. Yambani mwamwa madzi ndi kupumula. Ngati thupi latentha, pitani mukayezetse magazi, chifukwa kuno ku Zambezia malungo sadikira dzinja.

Thobwa, mahewu, phala lamadzimadzi ndi zipatso monga mango ndi mapapaya zimathandiza kubwezera madzi. Kachasu ndi mowa wina uliwonse zimachita zosiyana: zimakodzetsa kwambiri, n'kuumitsa thupi. Kumwa kachasu masana a mu Okutobala kuli ngati kuthira palafini pamoto.

Inu ogwira ntchito padzuwa

Chilimwe ndiyo nyengo ya ntchito zowawa. Ino ndi nthawi yothyola ndi kupuntha nandolo, yosotsa ndi kuunga mizere, youmba ndi kuotcha njerwa. Ndi nthawi imene anyamata a njinga amakankha matumba a chimanga ndi nandolo kupita kumalire ndi ku msika wa Limbuli, ndipo akabaza amakhala pamsewu kuyambira m'bandakucha mpaka madzulo. Palibe amene angakuuzeni kuti musiye ntchito, pakuti pakhomo pafunika chakudya. Koma mungathe kusintha kagwiridwe kake.

Lawirirani. Ntchito yolemetsa igwireni kuyambira kukangocha mpaka cha m'ma 10 koloko, mubwererenso dzuwa likapendeka, cha m'ma 3 kapena 4 koloko. Musanachoke pakhomo mwani makapu awiri a madzi. Pantchitopo muzimwa pang'onopang'ono, kapu imodzi pa mphindi 15 kapena 20 zilizonse, osati kugugudiza chigubu chonse nthawi imodzi. Ola lililonse pumulani pamthunzi. Valani chipewa cha mlaza ndi malaya opepuka, otakasuka. Idyani nsima yanu ndi ndiwo zothira mchere monga mwa masiku onse, chifukwa thukuta limatulutsanso mchere. Inu olemba anthu aganyu, madzi akumwa ndi nthawi yopuma zikhale mbali ya pangano lanu.

Mwina mukuti, "Ife tinazolowera, makolo athu ankalima chomwechi." Tamvani zimene zinachitika ku Nicaragua ndi ku El Salvador, mayiko otentha a ku Central America. Kumeneko anyamata ambiri odula nzimbe, amphamvu zawo, anayamba kufa ndi matenda a impso asanakalambe. Ofufuza anapeza kuti chimodzi mwa zifukwa zazikulu ndi kugwira ntchito yolemetsa padzuwa tsiku ndi tsiku thupi lili louma. M'minda imene anayamba kupereka madzi, mthunzi ndi nthawi yopuma, kuvulala kwa impso kunachepa. Impso zimawonongeka mwakachetechete, ndipo makina osefa magazi amapezeka m'zipatala zikuluzikulu zochepa za m'mizinda, kutali ndi kuno. Botolo la madzi pa keliyala ya njinga ndi lotsika mtengo kuposa ulendo umenewo.

Kutentha kukafika poika moyo pachiswe

Pali magawo awiri ofunika kuwasiyanitsa. Gawo loyamba ndi kulefuka chifukwa cha kutentha. Munthu amatuluka thukuta kwambiri, amafooka, amamva nseru ndi chizungulire, koma nzeru zake zimakhala zili bwino. Mugonekeni pamthunzi, mukwezereni miyendo, mumasuleni zovala, mumupatse madzi kapena madzi a mchere ndi shuga pang'onopang'ono. Tsiku limenelo asabwererenso kuntchito. Ngati sakupeza bwino pakatha theka la ola, pitani naye kuchipatala.

Gawo lachiwiri ndilo lakupha. Thupi limatentha kufika madigiri 40 kapena kuposa, ndipo ubongo umasokonezeka. Munthu amayamba kubwebweta, kudzandira ngati waledzera, kukwiya popanda chifukwa, kugwa ngati wakhunyu kapena kukomoka. Khungu limatentha ngati mbaula, nthawi zina louma, nthawi zina lonyowa. Apa musataye nthawi ndi kufunsana kuti walodzedwa kapena waledzera. Chitani izi:

1. Muchotseni padzuwa, mumuvule zovala zapamwamba.
2. Muthireni madzi ozizira thupi lonse, ndipo muzimukupiza ndi lichero kapena katoni.
3. Ikani nsalu zonyowa m'khosi, m'khwapa ndi m'mphechepeche, muzizinyowetsanso pafupipafupi.
4. Ngati wakomoka, mugonekeni cham'mbali ndipo musamumwetse kanthu, angatsamwe.
5. Tumani munthu akapeze choyendera, ndipo pitirizani kumuziziritsa mpaka mutafika kuchipatala.

Panado sachotsa kutentha kwa mtundu umenewu. Dziwaninso kuti malungo aakulu amaoneka mofanana ndi zimenezi, n'chifukwa chake munthu wotere ayenera kuonedwa ndi achipatala ngakhale atatsitsimuka.

Makanda, amayi oyembekezera ndi agogo

Amayi, mwana wosakwana miyezi 6 safunika madzi, ngakhale kutenthe chotani. Mkaka wa m'mawere uli ndi madzi okwanira, ndipo ndi oyera. Kumumwetsa madzi kapena dawale ndiko kumabweretsa kutsekula m'mimba. Chofunika ndi kumuyamwitsa pafupipafupi, usana ndi usiku, inuyo n'kumamwa madzi ambiri. Apongozi ndi agogo, thandizani mayi pa zimenezi. Musakutire mwana ndi nsalu zambirimbiri ndi chipewa chaubweya masana. Mukam'bereka paulendo, kapulana imodzi yopyapyala ndi ambulera n'zokwanira, ndipo muzimutsitsa kumsana pafupipafupi.

Pali chizindikiro china chimene ambiri timachimva molakwika, kulowa kwa liwombo. Liwombo la mwana likalowa, kawirikawiri ndiye kuti madzi achepa m'thupi. Kumata mankhwala pamutu sikubwezera madziwo. Onaninso ngati maso alowa, ngati akulira popanda misozi, ngati thewera likukhala louma nthawi yaitali, ndiponso ngati khungu la pamimba silikubwerera msanga mukalitsina. Mwana wotere, makamaka ngati akulephera kuyamwa kapena akungogona, ndi wothamanga naye kuchipatala nthawi yomweyo.

Mayi woyembekezera amatopa msanga ndi kutentha, ndipo kutentha kwambiri kumawonjezera chiopsezo chobereka masiku asanakwane. Abambo, mtunda wa kumjigo ndi chigubu cha malita 20 si za mayi wapakati. Tengani njinga mukatunge.

Agogo athu samva ludzu msanga ngati achinyamata, ndipo ena amadzimana madzi poopa kudzuka usiku. Musawasiye m'nyumba yamalata yotseka pamene nonse mwapita kumunda. Aikireni madzi pafupi, muziwakumbutsa kumwa. Odwala shuga, BP ndi amene akumwa ma ARV kapena mankhwala a chifuwa chachikulu asasiye mankhwala awo chifukwa cha kutentha. Awasunge pamalo ozizira, kutali ndi dzuwa, ndipo akaona kufooka kwachilendo akafunse kuchipatala.

Madzi akachepa amadetsedwanso

Mjigo ukauma, mudzi wonse umatsikira kumtsinje kukafukula mumchenga, kapena kuzithaphwi kumene kumamwanso mbuzi ndi ng'ombe. Madzi ochepa otungidwa ndi anthu ambiri sachedwa kutenga tizilombo ta kutsekula m'mimba, kamwazi ndi kolera. Kale tinkati kolera ndi wa m'dzinja. Koma mliri umene unayamba ku Malawi mu Malichi 2022 unadutsa chilimwe chonse osaleka, ndipo unapha anthu oposa 1,700. Mu 2023, mphepo yamkuntho ya Freddy itadutsa, kolera anavutanso ku Quelimane ndi madera ena a Zambezia. Ife a m'malire timadyera limodzi, timagulira msika umodzi, timapita maliro amodzi. Matenda safunsidwa chiphaso pa Muloza.

Madzi ooneka oyera si onse abwino. Njira zowatetezera zilipo zitatu. Yoyamba ndi kuthira Certeza, kapena WaterGuard kwa amene mumagula kutsidya, motsatira muyezo wolembedwa pabotolo, n'kudikira mphindi 30 musanamwe. Yachiwiri ndi kuwiritsa mpaka abwadamuke kwa mphindi imodzi yathunthu. Yachitatu ndi yaulere: thirani madzi osadetsedwa ndi matope m'mabotolo apulasitiki oonekera mkati, osapitirira malita awiri, muwagoneke padenga lamalata padzuwa kwa maola 6. Kukakhala mitambo, akhale masiku awiri. Dzuwa lomwe likutivutitsali limapha tizilombo. Madzi akakhala amatope, yambani mwawasiya adikhe, muwasefe ndi nsalu yoyera.

Sungani madzi akumwa mumtsuko wovundikira, pamthunzi. Mtsuko wadothi umaziziritsa madzi popanda magetsi. Mukhale ndi kapu imodzi yachigwiriro yotungira, ina yomwera. Panja pa chimbudzi pakhale mpondagiya ndi sopo kapena phulusa. Mpondagiya amasambitsa manja a banja lonse ndi madzi ochepa kwambiri.

Wina akayamba kutsekula m'mimba, mankhwala oyamba ndi paketi ya SRO, imene kutsidya amaitcha Thanzi ORS. Sungunulani paketi imodzi m'lita imodzi ya madzi otetezedwa. Mwana wosakwana zaka 2 amwe kota kapena theka la kapu nthawi iliyonse akachita chimbudzi chamadzi, wa zaka 2 mpaka 10 amwe theka la kapu kapena kapu yathunthu, wamkulu amwe mmene angathere. Akasanza, dikirani mphindi 10, muyambirenso ndi supuni. Madzi otsala atayeni pakatha tsiku limodzi. Paketi ikasowa, sungunulani masupuni aang'ono 6 a shuga osalaza pamwamba ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere m'lita imodzi ya madzi. Musachulutse mchere. Mwana apatsidwenso mapiritsi a zinki kwa masiku 10 mpaka 14, ndipo apitirize kuyamwa ndi kudya. Zonsezi mungazipeze kuchipatala kapena kwa alangizi a zaumoyo a m'mudzi mwanu, a APE aja, amene ena amawatcha APS. Chimbudzi chikakhala chamadzi oyera ngati otsukira mpunga, muganizire kolera: yambani ulendo wa kuchipatala uku wodwala akumwa SRO m'njira.

Ana akamasambira m'zithaphwi zotsalira m'mitsinje amatenga likodzo, chifukwa m'madzi oima ndi mmene mumakhala nkhono zofalitsa matendawa. Mwana wokodza magazi sikuti wakula ayi, akudwala, ndipo mankhwala ake alipo.

Fumbi ndi utsi

M'chilimwe timapuma fumbi la mumsewu, la posesa ndi la popuntha mbewu. Kuwonjezera apo pali utsi wa moto wolusa umene timayatsa posotsa ndi posaka mbewa, wa mauvuni a njerwa ndi makala, ndi wa kukhitchini. Mpweya wouma umaumitsa m'mphuno ndi kukhosi, ndiye fumbi ndi tizilombo zimalowa mosavuta. N'chifukwa chake chifuwa, chimfine ndi mphumu zimachuluka.

Wazani madzi otsukira mbale pabwalo musanasese. Popuntha nandolo, popeta ndi poyenda panjinga mumsewu wafumbi, tsekani mphuno ndi kamwa ndi nsalu. Phikirani panja kapena m'khitchini ya mawindo, ndipo khanda lisakhale mu utsi. Odwala mphumu asayende opanda mankhwala awo.

Makolo, phunzirani kuwerenga mpweya wa mwana amene akutsokomola. Ali phee, werengani kuti chifuwa chikukwera kangati pa mphindi imodzi. Khanda losakwana miyezi 2 likafika 60, mwana wa miyezi 2 mpaka 11 akafika 50, wa chaka chimodzi mpaka zaka 5 akafika 40, chimenecho chingakhale chibayo. Chimodzimodzi ngati m'munsi mwa nthiti mukulowa mkati akamakoka mpweya. Musagone naye pakhomo. Kwa akulu, chifuwa chopitirira milungu iwiri musachinamizire fumbi: kayezetseni makhololo, chingakhale chifuwa chachikulu.

Kamfuno nayenso amachuluka nyengo ino. Munthu akhale pansi, aweramire kutsogolo pang'ono, atsine mbali yofewa ya mphuno kwa mphindi 10 osasiya, akupumira kukamwa. Asagadamitse mutu, chifukwa magazi amatsikira kukhosi. Magazi akapanda kuleka, kapena akamabwerabwera, akaonedwe kuchipatala.

Maso ndi khungu

Madzi akavuta, choyamba kusiyidwa ndi kusamba. Koma nkhope ya mwana yokhala ndi manthongo ndi mamina imaitana ntchentche, ndipo ntchentche, zala ndi nsalu zopukutira zimafalitsa matenda a maso a trakoma. Matendawa akamabwerezabwereza amapinda zikope, nsidze n'kumakanda diso mpaka munthu kuchita khungu. Mu Seputembala 2022 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linatsimikiza kuti dziko la Malawi lathana ndi trakoma, kudzera m'maopaleshoni a zikope, mankhwala, kusamba kumaso ndi ukhondo wa pakhomo. Zimene anakwanitsa anzathu kutsidyaku nafenso tingazikwanitse. Kapu imodzi ya madzi, yothira pang'onopang'ono, imakwana kusambitsa nkhope ya mwana m'mawa.

Kumayambiriro kwa 2024 matenda a maso ofiira anafalikira m'zigawo zingapo za Mozambique ndi ku Malawi. Achipatala anachenjeza kuti anthu ena anawonongeka maso, osati ndi matendawo, koma ndi zimene ankathira m'maso. Mkodzo, mandimu, sopo, mchere ndi masamba osinja si mankhwala a maso. Diso likalowa fumbi kapena likafiira, litsukeni ndi madzi oyera okha, musalitikite, ndipo musabwerekane nsalu yopukutira. Likamapweteka kwambiri, likamatuluka mafinya kapena likamaona mwachimbuuzi, pitani kuchipatala.

Khungu louma limang'ambika, makamaka milomo ndi zidendene. Dzolani Vaseline kapena mafuta ophikira pang'ono mukangosamba, ndipo valani nsapato kapena patapata. Odwala shuga aziyang'ana mapazi awo tsiku lililonse, chifukwa kwa iwo mng'alu waung'ono ungasanduke chilonda chosapola. Mphere nazo zimakonda nyengo yosowa madzi. Zikalowa m'nyumba, onse a m'nyumbamo alandire mankhwala nthawi imodzi, ndipo zovala ndi zofunda zichapidwe n'kuyanikidwa padzuwa.

Abale athu achialubino ali pachiopsezo chachikulu, chifukwa dzuwa limawawotcha khungu n'kuyambitsa khansa. Afunika chipewa chachikulu, malaya aatali manja, mafuta oteteza kudzuwa ndi ntchito za pamthunzi. Chilonda chosapola pakhungu lawo chionedwe ndi dokotala msanga. Aphunzitsi, mwana wachialubino asaimitsidwe padzuwa pamzere.

Chinangwa chowawa m'chaka cha chilala

Chimanga chikalephera timadalira chinangwa. Koma chinangwa chowawa chili ndi poizoni, ndipo m'chaka chouma poizoniyo amachuluka. Tsoka lake, nthawi yomweyo ndi imene madzi oviikira amasowa, njala n'kumatifulumizitsa kudya makaka osakonzedwa bwino. Mu 1981, m'chaka cha chilala, anthu oposa 1,000 m'chigawo cha Nampula anapuwala miyendo mwadzidzidzi chifukwa cha zimenezi, ambiri mwa iwo amayi ndi ana. Kumeneko matendawa amawatcha mantakassa, ndipo madokotala amati konzo. Munthu akapuwala nawo sachira.

Chinangwa chowawa chisendeni, muchiviike m'madzi masiku atatu kapena anayi mpaka chifewe, kenako muchiyanike chiume bwino. Ngati muli ndi ufa wa makaka amene sanaviikidwe, pali njira yofuna madzi ochepa. Thirani ufa m'beseni, muike chizindikiro pamene walekezera. Thirani madzi pang'onopang'ono uku mukusakaniza, mpaka ufa wonyowawo ufike pachizindikiro chija. Uyaleni mopyapyala palichero kapena pamphasa, usapitirire kutalika kwa chikhadabo, ukhale padzuwa maola 2 kapena pamthunzi maola 5, kenako phikani nsima tsiku lomwelo. Idyani ndi nandolo, nyemba, nsomba kapena mazira, chifukwa zimenezi zimathandiza thupi kuchotsa poizoni wotsalira. Banja likamamva chizungulire, mutu ndi kusanza litadya nsima ya chinangwa, lisiye ufawo ndi kukaonana ndi achipatala.

Nyumba ndi mudzi

Nyumba yamalata yopanda siling'i imasanduka uvuni. Yalani mphasa, bango kapena nsungwi kunsi kwa malata, ndipo mawindo akhale oyang'anizana kuti mphepo izidutsa. Mukagona panja chifukwa cha kutentha, tulukani ndi neti yanu, udzudzu ulipo ndithu. Chakudya chimasasa msanga nyengo ino, choncho phikani chokwanira nthawi imodzi, ndipo chotsala muchitenthetse mokwanira musanadye.

Zina sizitheka ndi banja limodzi, paja mutu umodzi susenza denga. Mafumu ndi makomiti a madzi, sonkhetsani ndalama zokonzetsera mjigo usanawonongeke, tchingani zitsime kuti ziweto zisafikepo, ndipo gwirizanani za nthawi yotunga kuti amayi asamagone pamzere. Kumbani ndi kukonza zimbudzi panopa, chifukwa mvula yoyamba imakokolera zonyansa zonse za kutchire m'zitsime. Letsani moto wolusa ndi kudula mitengo m'mbali mwa mitsinje ndi m'phiri. Amene anaona napolo wa pa Tumbine mu 1998 amadziwa kufunika kwa mitengo m'dzinja. Mitengo yomweyo ndiyo imasunga akasupe m'chilimwe ndi kutipatsa mthunzi pakhomo, pasukulu ndi pamsika.

Musagone pakhomo mukaona izi

Thamangirani kuchipatala chimene muli nacho pafupi ngati munthu watentha thupi n'kumabwebweta kapena kukomoka, ngati mwana walowa liwombo kapena akulephera kuyamwa ndi kumwa, ngati akupuma mofulumira, ngati wina akutsekula m'mimba mwamadzi kosalekeza kapena mwamagazi, ngati watha tsiku lonse osakodza, ndiponso ngati miyendo yauma mwadzidzidzi. Musachite manyazi kudzutsa anansi usiku kuti akubwerekeni njinga, paja mbewa ya manyazi inafera kuuna.

Okondedwa omvera, dzuwa sitingalizimitse, ndipo mvula sitingaifulumizitse. Koma kumwa madzi ludzu lisanafike, kuteteza madzi a mumtsuko, kusambitsa ana kumaso ndi kuviika chinangwa masiku okwanira zili m'manja mwathu. Inu amene mwawerenga tsambali, muwawerengerenso agogo ndi anansi amene sadziwa kuwerenga, ndipo mukakambirane nkhaniyi m'magulu anu omvera wailesi, kumpingo, kumzikiti ndi pabwalo la amfumu. Tiyeni tonse tifike pa mvula yoyamba tili ndi mphamvu zogwira khasu.